Makalata a Ababa Opita ku Wayilesi ya Roko

Ababa anali makaniko mu fakitale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kuyambira ine ndisanabadwe mpaka makutu awo atatseka. Makina odula masamba a tiyi amalira tsiku lonse osapuma, ndipo ukakhala nawo zaka zambiri amakudya makutu pang'onopang'ono. Kunyumba tinazolowera kuti ukafuna kulankhula nawo uime patsogolo pawo, akuone pakamwa. Kuwaitana uli kumbuyo kunali kungodzitopetsa.

M'phokoso lomwelo ndi momwe anakondera nyimbo za roko. Ankati nyimbo zina zonse makina ankazimeza, koma izi za ng'oma zolemera ndi magitala okuwa zinkadutsa. Poyamba zinkamveka Loweruka masana pokha, m'pulogalamu ya mnyamata wina wa ku Blantyre. Pamene anthu analoledwa kutsegula mawayilesi awoawo, mnyamata uja ndi anzake anatsegula yawo pamwamba pa sitolo ina mumzindamo, yoimba roko kuyambira m'mawa. Kwathu kukomboni inkamveka movutikira. Ababa anamangirira waya kunsonga ya nsungwi yaitali, ndipo pa wayilesi yathuyo, pamalo pamene siteshoniyo inkagwira bwino, anadonthezapo penti wofiira kuti wina asasokoneze.

Amayi ankati ndi nyimbo za anthu okwiya opanda chowakwiyitsa. Akuluampingo anabwerapo kudzawalangiza. Ababa anawalandira bwino, anawapatsa mipando, kenako anawapempha kuti tsiku lina adzaimbe nyimbo ya m'buku pafupi ndi makina, aone ngati wina angaimve. Nkhani inathera pomwepo.

Mlungu uliwonse ankalemba kalata ya moni yopita ku siteshoniyo, ndipo muulutsi uja ankaiwerenga Loweruka masana. Sankawatchula dzina, ankangoti makaniko wathu wa ku tiyi. M'kalatamo munkakhala moni wa akapitawo, othyola tiyi, alonda, ngakhale akuluampingo omwe aja. Anthu amene mlungu wonse ankanyoza phokoso la kwathu, Loweruka ankapezeka ataima pafupi ndi zenera, akunamizira kudzapempha moto. Anyamata a m'kombonimo anapanga magitala a zigubu za mafuta potsanzira zomwe ankamva. Mmodzi wa iwo, lero ndi bambo wa imvi, amaimba gitala kutchalitchi kwathu, ndipo nthawi zina pakati pa kolasi zala zake zimathawira ku roko mpaka abusa amatsokomola.

Ine wayilesi imeneyo sindinkaikonda, ndinene zoona. Inkalandira khutu limene ife ana sitinkalandira. Tsiku lomwe ndinamva kuti ndakhoza mayeso a fomu folo linali Loweruka. Ndinathamanga kuchokera kumsewu, kudutsa m'mizere ya tiyi, mpaka ndinadzikanda miyendo. Nditaima patsogolo pawo ndi kutsegula pakamwa, anakweza chala chimodzi kuti ndidikire nyimbo ithe. Nyimbo za roko sizitha msanga. Ndinatuluka, ndinakauza amayi kuseri kwa nyumba, ndipo kwa ababa nkhaniyo sindinaitchulenso.

Makutu atatsekeratu, tonse tinaganiza kuti wayilesi yapuma. Tinaiwala kuti munthuyo anali makaniko. Kufakitale, akafuna kudziwa ngati belingi, kachitsulo kozungulira ka m'kati mwa makina, yayamba kudyeka, ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pachitsulo, chigwiriro n'kuchikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu. Ankamva ndi fupa zimene makutu a anzawo sankamva. Ndi mmene anayambira kumvera wayilesi: nsonga pabokosi pafupi ndi sipika, chigwiriro kuseri kwa khutu, maso otseka. Ng'oma ndi besi ankazimva bwinobwino, phazi n'kumagunda pansi. Mawu a munthu okha ndi amene sankalowa.

Atapuma pantchito anabweza nyumba ya kampani n'kukamanga kanyumba ku Kapichi, pamalo poti ukakhala pakhonde umaona tiyi wa esiteti kutsidya kwa khwawa. Nsungwi ija anasamuka nayo. Patapita zaka zochepa amayi anamwalira. Ine ndinali nditakhazikika ku Bvumbwe, komwe ndimasoka zovala, ndipo nsalu ndimakagula ku Limbe. Ndiye ntchito ya makalata inandigwera yokha. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kupita kwawo. Ndikangofika ankafunsa za kalata ya mlungu wathawo ndi mawu amodzi: “Yafika?” Ndinkagwedeza mutu. Kenako tinkakhala pakhonde, iwo ndi sikuludiraiva, ine ndi makutu, ndipo muulutsi akayamba kuwerenga kalata yawo ndinkawagwira paphewa kuti adziwe. Pochoka ankandipatsa envulopu yatsopano, ine n'kukaisiya kusiteshoni Lolemba popita kogula nsalu.

Sindidzikometsa. Pakanapanda makalata amenewo ndikanatha miyezi osaponda pakhomopo. Sitinali okangana, koma tinalibe zokambirana. Ndinkabweretsa shuga ndi mabatire, kusesa, kukhala maola awiri, kenako kumayang'ana wotchi.

Lolemba lina ndinakwera masitepe a kusiteshoni ndi envulopu m'manja, n'kupeza m'chipindamo amayi atatu akuluka tsitsi. Pakhoma panali patatsala zipsera za pomwe panali zithunzi za oimba. Mmodzi mwa amayiwo, ulusi uli pakamwa, anandiuza kuti a wayilesi anatseka, muulutsi wakalamba ndipo akudwala, komanso achinyamata masiku ano nyimbo zimenezo amamvera pafoni. Anandifunsa ngati ndikufuna kulukitsa. Ndinaima pamenepo kudikira kuti ndimve chisoni, kapena mpumulo, koma mtima unangoti zii. Envulopu ndinaiponya m'chikwama, ndinapita kukagula nsalu.

Loweruka ndinapita ndi mtima woti ndiwauze. Ndinawapeza atakhala kale pakhonde, atavala malaya ochapa, wayilesi ili pampando. Pa penti wofiira paja pankangomveka phokoso la shii, ngati mvula ya pamalata. Anandifunsa ngati yafika, ndipo mutu wanga unagwedezeka wokha. Anaika sikuludiraiva, anatseka maso. Nthawi ya makalata itakwana ndinawagwira paphewa monga mwa masiku onse. Anatsegula maso, anandiyang'ana, anatsekanso.

Ndinadziuza kuti ndikuwachitira chifundo. Munthu wataya mkazi, ntchito ndi makutu, ndimulandenso ichi? Ndinati ndidzawauza mlungu wamawa, kenako mwezi wamawa. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Makalata ndinkawaika m'katoni ya nsapato pansi pa makina anga osokera, onse osatsegula, chifukwa ndinaleredwa kuti kalata ya mwini sawerenga. Kuwaphimba m'maso bambo anga Loweruka lililonse ndinkakwanitsa, koma kung'amba envulopu ya munthu wina ndinkakuona kupanda ulemu. Ulemu wina ndi wa chonchi.

Mayi wina woyandikana nawo, amene ankawaphikira, ankamva phokosolo ali pamtondo wake. Tsiku lina anandiperekeza kumsewu n'kundifunsa kuti masewerawa adzatha liti. Ndinamuyankha mokalipa kuti aziona za ndiwo. Anali wolondola, n'chifukwa chake ndinapsa mtima.

Chaka chachiwiricho miyendo ya ababa inayamba kutupa. Tinapita nawo kuchipatala kuboma, anawapatsa mankhwala, anatiuza kuti mtima watopa, tizingowasamalira kunyumba. Makalata sanaleke, kungoti zilembo za pa envulopu zinayamba kutsetsereka.

Loweruka lina kunali chiperoni, tiyi wa kutsidya osaoneka ndi nkhungu. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangeti. Tsiku limenelo sanafunse ngati yafika. Anandikodola kuti ndikhale pafupi, n'kundipatsa sikuludiraiva ija. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaigwirepo, inali yoletsedwa kwa ana. Chigwiriro chake chinali chosalala ndi thukuta la zaka. Anaika okha nsonga pabokosi, chigwiriro anachikanikiza kuseri kwa khutu langa, khutu linalo analitseka ndi chikhatho chawo.

Anapotoza wayilesi mpaka pa siteshoni ina pomwe kwaya inkaimba. Ng'oma inandigunda m'fupa, imodziimodzi, mpaka m'mano. Kenako anabwezera pa penti wofiira. Panalibe kugunda kulikonse, kunjenjemera kosalala basi, kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngakhale mwana akanasiyanitsa.

“Belingi ndinkaimva kutatsala masiku atatu kuti iferetu,” anatero, mokweza monga amalankhulira anthu osamva. “Ndiye wayilesi yakufa ingandivute, mwananga?”

Anati anadziwa Loweruka loyamba lomwelo, ndisanawagwire n'komwe paphewa. Manyazi amene ndinkayembekezera sanabwere. Ndinatenga pensulo n'kulemba kuseri kwa pepala la mankhwala kuti nanga ankalemberanjibe makalata. Anawerenga kawiri, nkhope yawo n'kusintha.

“Sunawerenge?”

Anandifotokozera pang'onopang'ono, mpweya ukuwathera. Ankati poti ndinalibe kokasiya makalatawo, ankadziwa kuti ndizitsegula, munthu aliyense angatsegule. Ndiye kuyambira mlungu wachiwiri anasiya kulembera muulutsi. Pa envulopu ankalembabe dzina la wayilesi kuti ndisachite manyazi, koma zam'kati zinali zanga. Ankati pakamwa zinthu zimawavuta, sadziwa ngati akukuwa kapena akunong'ona, koma papepala anazolowera zaka zonsezi. Ndikamagwedeza mutu ankaganiza kuti ndawerenga, kungoti sindinakonzeke kuyankha.

Anafunsanso ngati sindinawerenge ngakhale imodzi. Ndinapukusa mutu. Linali yankho loona loyamba limene ndinawapatsa pakhonde limenelo m'zaka ziwiri.

Anayang'ana nkhungu ija. Kenako anafunsa ngati makalatawo alipo, ndipo ndinavomera. Anazimitsa wayilesi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita Loweruka masana.

“Ukawerenge. Ubwere Loweruka udzandiyankhe.”

Nditafika ku Bvumbwe ndinatulutsa katoni ija n'kuiika patebulo. Ndinaiyang'ana, ndinaibwezera pansi. Ndinkaopa, ngakhale pa nthawiyo ndinkati ndatanganidwa. Ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize, ndiye ndinati ndiwerenga Lachisanu, zonse pamodzi, ndipite nazo zili zatsopano m'mutu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachinayi m'mawa, ndili pamakina, mayi woyandikana nawo uja anaimba foni. Ndinamuyankha kuti ndamva, ndinamaliza msoko umene ndinali nditauyamba, kenako ndinatseka chitseko.

Pamaliro sindinalire. Azakhali ankandiyang'ana, ena ankanong'onezana kuti mtima wanga ndi wa mwala. Kunabwera anthu ambiri a kukomboni, okalamba tsopano, ndipo pafupifupi aliyense pondigwira dzanja ankandiuza kuti dzina lake linamvekapo pa wayilesi chifukwa cha ababa. Bambo wa gitala uja anaimba ndi kwaya kumanda, ndipo zala zake zitathawa panalibe amene anatsokomola. Ndinkaona zonsezi ngati zikuchitika kwa anthu ena.

Katoni ndinaitsegula patapita mwezi, masana ena kulibe makasitomala. Kalata yoyamba inali ya moni wamba. Kuyambira yachiwiri, iliyonse inkayamba ndi mawu akuti mwananga. Zambiri zinali nkhani zazing'ono: denga likudontha pakona, nkhuku yaikira m'dengu la amayi, mmene anakumanirana ndi amayi pamzere woyezetsa tiyi. Iliyonse inkatha ndi funso. Ankafunsa ngati msana sundipweteka pamakina, ngati ndimadya masana, ngati pali munthu amene ndimacheza naye.

Ina, ya m'nyengo yozizira ya chaka choyamba, inali yaifupi. Analemba kuti: “Tsiku lija unabwera ukuthamanga, miyendo ili magazi, ine ndinakweza chala. Nyimbo itatha unali utatuluka. Zoti wakhoza ndinamva kwa amako, ndipo ndinauza fakitale yonse, koma iwe sindinakuuze kanthu. Ndinalakwa. Ukabwera Loweruka udzaime patsogolo panga undiuze wekha, ndidzakuyang'ana pakamwa.”

Loweruka limenelo ndimalikumbuka, chifukwa anali atameta ndevu ndipo wayilesi anali ataikankhira kumbali. Anandifunsa ngati yafika, ine ndinagwedeza mutu. Anandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali, kudikira. Ine ndinayang'ana wotchi, n'kuwalozera kumsewu kuti minibasi ingandisiye.