Mlonda wa Galimoto ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anandipatsa ntchito ya ulonda. Inali ya tsiku limodzi lokha, koma tsiku limenelo likundilondolabe mpaka lero.

Tinkakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Chimene chinkatidyetsa tonse asanu chinali kagalimoto koyera, kokalamba, kamene bambo ankayendetsa ngati takisi pakati pa kwathuko, Kanengo ndi m'tauni. Lendi, fizi, sopo, ngakhale mankhwala a mayi, zonse zinkachokera m'matayala anayi amenewo. Galimoto ikagona pakhomo, ifenso tinkagona ndi njala.

Bambo, a Ngozo, anali munthu wa ku Ntcheu, wamtali, wa mawu okweza, wokonda kuseka koma wosafuna kusekedwa. Pa anthu onse a pansi pano, amene sankawakhulupirira ndi amakaniko. Ankati makaniko ali ngati sing'anga wabodza: ukapita ndi chimfine, ubwerako atakuuza kuti azakhali ako akukulodza. N'chifukwa chake zitsulo zofunika ankagula okha, kuti makaniko asawonjezerepo yake. Mtengo wa ntchito ankagwirizana sipanala isanakhudze galimoto. Ndipo galimoto yawo sinkatsala yokha pa galaja, chifukwa nkhani zinali mbwee za anthu amene anasiya galimoto ili ndi batire yatsopano n'kukaitenga ili ndi yakufa. Munthu ankayenera kukhalapo, maso ali tcheru, mpaka ntchito ithe.

Holide ya mu Ogasiti chaka chimenecho, tayala lakutsogolo linayamba kugogoda galimoto ikalowa m'maenje. Vuto linali bolojointi, kachitsulo kamene kamagwira tayala kuti lisachoke pamalo pake. Bambo anazungulira mashopu atatu n'kupeza yotsika mtengo, yatsopano, ili m'bokosi lofiira lolembedwa zilembo zakunja. Anafika nayo kunyumba akuimba mluzu. Anatigwiritsa tonse, ikunyezimira ngati supuni ya alendo.

M'mawa mwake tinapita ku Biwi, dera la magalaja, kwa makaniko wina, a Mhango. Anali bambo wachikulire wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, wamfupi, wa imvi, wouma pakamwa. Galaja yawo inali kashedi ka malata ndi mtengo wa mango, pansi pake pali dothi lakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Anthu ankati ntchito amaidziwa koma ndi odula. Bambo anakangana nawo za mtengo wa ntchito mpaka anagwirizana, kenako anawapatsa bokosi lija. Bambowo anali atapeza ganyu yoyendetsa minibasi ya mnzawo tsiku limenelo, choncho anandikhazika pa tayala lakutha pansi pa mango uja.

"Tadala, maso ako ndi anga lero," anandinong'oneza. "Chilichonse chimene achotse, chilichonse chimene amange, uone. Akamakusekerera, dziwa kuti akukuphimba m'maso."

Ndinadzimva kukula. Achimwene anga analipo kunyumba, koma bambo anasankha ine, chifukwa ankati ndine wochenjera.

Ndinalondera ndi mtima wonse. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi majumbo, fungo la petulo ndi la chipisi likusakanikirana, kwinaku akuwotcherera zitsulo, ine osaphethira. Ndinaona a Mhango akukweza galimoto pa jeki, kuchotsa tayala, kumasula bolojointi yowonongeka. Kenako anatsegula bokosi lofiira. Anaitulutsa yatsopano ija, kuiyeza m'dzanja, kuipotoza ndi chala, kuigogoda ndi sipanala khutu lili pafupi. Anapukusa mutu. Anatenga foni n'kuimba kawiri, katatu, koma foni ya bambo inali yozima, poti kwathu magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake. Anaima kanthawi akuyang'ana galimoto. Kenako anabwezera chitsulo chija m'bokosi, kuliika pa shelefu m'kashedi, n'kuchokapo wapansi.

Mumtima ndinati: Basi, zayamba.

Anabwerako patapita nthawi atanyamula chinthu m'nyuzipepala. Inali bolojointi ina, yakuda, yamatope, yochotsedwa pa galimoto ina yake yakufa. Anaitsuka ndi petulo m'kachitini. Asanaimange anatenganso ya m'bokosi ija, nandiitana.

"Mwana wane, tambasula manja."

Anandiikira yatsopano kudzanja lamanzere, yakale kudzanja lamanja. Dzanja lamanja linatsika lokha. Yatsopano ija inali yopepuka modabwitsa, ndipo mutu wake unkagwedera ukangoukhudza, pamene wa yakale unali gwa, wosatembenuka popanda mphamvu.

"Wamva?" anandifunsa. "Iyi yonyezimirayi ndi yabodza. Iyi yakudayi inabwera ndi galimoto kuchokera kumene anaipanga. Adada ako akufuna galimoto iyende mawa, ndiye ndimanga yeniyeniyi. Akabwera ndiwafotokozera."

Anamwetulira pang'ono. Ine ndinakumbukira mawu a bambo onena za kusekerera, ndipo ndinangobweza zitsulo zija. Manja anga anali atamva, koma ndinasankha kukhulupirira maso.

Cha m'ma folo koloko ndinawaona bambo akutsika minibasi kumsewu. Ndinathamanga kukawachingamira asanafike pa galaja. Ndinawauza mopuma wefuwefu kuti a Mhango abisa chitsulo chathu chatsopano pa shelefu, ndipo amanga chakale chakudzala. Za kulemera sindinanene. Sindinaiwale ayi. Ndinangoona kuti zikanachepetsa nkhani yanga, ndipo ndinkafuna kuti bambo anene kuti sanalakwitse posankha ine.

Anandisisita pamutu n'kuyamba kuyenda mofulumira.

A Mhango anawalonjera mwaulemu, nayamba kufotokoza. Atafika ponena kuti chitsulo chakalecho anachigula ndi ndalama yawo, ndipo mtengo wake unali kuwirikiza kawiri wa chatsopano chija, bambo anaseka mokweza, kuseka kopanda chimwemwe.

"Tamvani anthuni! Chakale chidule kuposa chatsopano? Kuyambira liti? Mwanditenga ngati ndabwera lero kuchokera kumudzi? Changa mwabisa kuti mukagulitse, ndiye ndilipirenso zinyalala? Mkulu wa mpingo wakuba!"

Ku Biwi mawu akuti wakuba sagwa pansi. Owotcherera anazimitsa makina awo. Ogulitsa chipisi, amakaniko anzawo, odutsa m'njira, onse anatizungulira. Bambo wina wovala taye, amene anabweretsa galimoto ya kuntchito kwake, anapempha makiyi ake mwakachetechete. Ena mwa amakaniko aja ankadziwa bwino lomwe kuti a Mhango akunena zoona, koma anangopinda manja. Kasitomala wothawa pa galaja ina amagwera pa yako.

A Mhango anatulutsa ya m'bokosi ija n'kuitambasulira kwa bambo.

"A Ngozo, yayi, musatero. Ingoigwirani mumve. Ndimasulanso inayo muziyerekeze."

Bambo anaika manja m'matumba.

"Chabwino," anatero a Mhango. "Mwanayu ndamugwiritsa zonse ziwiri. Anene yekha imene ikulemera."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Bambo anandiyang'ana kuchokera kumwamba kuja.

"Tadala, ndi zoona?"

"Zikufanana, adadi," ndinatero.

Anthu anachita phokoso. A Mhango anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mwaukali, koma ngati munthu amene waponda pamene amayesa kuti pali sitepe. Sanatsutse. Anayala chiguduli pansi, kugona chagada, kumasula bolojointi yabwino ija, n'kumanga yonyezimira anthu onse akuonerera. Atamaliza anakana ngakhale ndalama ya ntchito. Pamene bambo ankaliza galimoto, anawerama pa windo.

"Musathamange nayo, a Ngozo. Ndapota nanu."

Bambo anakweza galasi. Pobwerera anandigulira fanta ndi banzi, ndipo kunyumba anafotokozera aliyense mmene mwana wawo wamkazi anagwirira mbala masanasana. Fanta ija ndinaimwa yonse.

Galimoto inayenda bwino milungu itatu. Tsiku lililonse bambo akabwerako ndinkadziuza kuti mwina a Mhango analidi wabodza, ndipo ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

Linali Lachinayi, dzuwa lili pamutu, pa msewu wa M1 potsetsereka mukangodutsa ku Kanengo. Amene anaona akuti tayala lakutsogolo linangopindikira m'kati, galimoto n'kutembenuzika kawiri n'kukaima pa mtengo. Anthu awiri amene anakwera kumbuyo anatuluka ndi mabala. Koma bambo, anthu anachita kuwasolola m'galimotomo. Kuchipatala anakhalako miyezi iwiri, ndipo anabwerako opanda mwendo wakumanja, womwe uja wopondera mafuta ndi mabuleki. Galimoto inagulitsidwa kwa ophwasula. Tinasamukira m'chipinda chimodzi ku Mgona, achimwene anasiya sukulu, mayi anayamba kugulitsa makala. Mawu okweza a bambo aja anazima. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, kuyang'ana anthu oyenda.

Ine ndinkadya pang'ono, kulankhula pang'ono. Anthu ankati ndi chisoni, koma anali mantha. Ndikaona buluku la bambo lopindidwa ndi pini pa bondo, ndinkamva mawu anga omwe aja akuti zikufanana.

Lamulungu lina masana, titaweruka ku tchalitchi, kunamveka odi. Anali a Mhango, atavala jekete yakuda yothina m'mapewa, jumbo ili m'manja. Anali atafunsira njira mpaka kutipeza. Tinamva pambuyo pake kuti makasitomala ambiri anawathawa, ndipo kumpingo anawaitana kuti akafotokoze za mbiri ya kuba ija. Mayi anawapatsa mpando. Ine ndinafuna kuthawira kuseri, koma ndinangokhala pa mphasa.

Atapereka pepani, anatsegula jumbo ija. Anali atapita kwa ophwasula kukapempha bolojointi yothyoka. Anaiika pa mphasa, zidutswa ziwiri. Kunja inkanyezimirabe, koma pothyokapo panali potuwa, pa timabowo, ngati phale losweka. Pambali pake anaika yakuda ija.

Ndinadikira kuti andiloze. Sanandiyang'ane n'komwe.

"A Ngozo, sindinabwere kudzawina mlandu," anatero. "Ndabwera kudzapepesa. Poyamba ndinalakwa kugula chitsulo musanavomere. Koma chachikulu ndi ichi: ndinkadziwa kuti chinthu ichi chingaphe munthu, ndipo dzanja limene linachimanga ndi langa. Ndikanakana, mukanapita nayo kwina mukunditukwana. Koma ndinaopa dzina loti wakuba kuposa kuopa maliro anu."

Bambo anayang'ana zitsulo zija pa mphasa. Kenako anatambasula manja onse awiri, monga ndinachitira ine tsiku lija. A Mhango anaika zidutswa zija kumanzere, yakuda kumanja. Ndinaona dzanja lamanja la bambo likutsika.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinagwada pa mphasa n'kulira mokweza, ndikunena kuti ndinanama, kuti ndinamva kulemera kwake, kuti mwendo wawo ndinadula ndine.

"Ndinkadziwa, mwanawe," bambo anatero motsitsa. "Ndinaona m'maso mwako pomwe paja. Koma anthu anali atadzaza kale, ndipo ine ndinali nditakuwa kale. Ndikanabweza bwanji mawu?"

Tinakhala pamenepo anthu atatu, aliyense atanyamula manyazi amene anawaopa tsiku lija ku Biwi. Mayi anatuluka kukaika madzi a tiyi.

A Mhango ponyamuka anaisiya bolojointi yakuda ija. Bambo anafuna kuilipira, iwo anakana. Lamulungu lotsatira bambo anabwereka ndodo zabwino, nakwera minibasi ziwiri kupita kumpingo wa a Mhango kukanena pamaso pa akuluakulu kuti munthuyo sanabe kanthu. Dzina linabwerera pang'onopang'ono. Mwendo sunabwerere.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo amakaniko akuba ndakumana nawo ndithu, alipo ambiri, bambo sankanama. Ndimafunsabe mitengo m'malo awiri kapena atatu, ndipo chitsulo chimene achotsa ndimati andipatse. Koma makaniko akanditchulira mtengo wondiwawa, sindiyamba ndi kukuwa. Ndimati andionetse, andigwiritse, andiuze chifukwa chake. Wakuba amakwiya ukamufunsa zimenezi, pamene woona amakokera mpando. Ndipo ndinaphunzira kufunsa anthu asanadzaze, chifukwa akadzaza, munthu sufunanso kudziwa zoona, umangofuna kuti usachite manyazi.

Bambo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Masiku awo onse otsala, chitsulo chakuda chija ankachiika pa chitseko kuti mphepo isachimenyetse akakhala pakhonde. Pano chili kwanga. Nthawi zina ndimachinyamula n'kuyesa kupotoza mutu wake ndi chala. Sugwedera ngakhale pang'ono. Chikanawafikitsa kunyumba.