Kuchoka ku Kepi Kufika pa Jenda Bokosi Lisanatsekedwe

Apongozi anga aamuna anamwalira Lachiwiri m'mawa kumudzi kwawo, kuseri kwa Jenda. Ine ndinkaphunzitsa pa boma la Mzimba, ndipo mwamuna wanga, mwana wawo woyamba, anali ku Kepi komwe ankagwira ntchito pagalaja. Panali patatha zaka zinayi osaonana ndi bambo ake. Nditamuimbira foni analira ngati kamwana, n'kungoti, "Ndiwaone nkhope basi."

Ndinafika pasiwa masana, n'kupeza akuluakulu agwirizana kale kuti aika mawa lake m'mawa, osamudikira. Sindikuwanena. Anthu a ku Mzimba ulendo wa ku Joni amaudziwa ngati njira ya kudimba, koma amauwerenga pa basi. Bambo aang'ono a mwamuna wanga, amene anakalambira m'maulendo amenewo, anawerenga ndi zala: tsiku lathunthu kuchoka ku Kepi kufika ku Joni, kenako masiku awiri kapena atatu kufika pa Jenda. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha, thupi silikanadikira zonsezo.

Mtima unandiwawa, ndipo ine ukandiwawa pakamwa sipatsekeka. Koma kumeneko mtengwa salankhula pabwalo la amuna, makamaka wa ku Ntchisi ngati ine, amene Chitumbuka changa ana amachiseka. Ndinang'amba pepala m'kope, n'kulemba monga ndimalembera pabolodi. Ndege ya madzulo, Kepi kufika ku Joni, maola awiri. Agone komweko. M'mawa, Joni kufika ku Lilongwe, maola awiri ndi theka. Pagalimoto kuchoka pabwalo la ndege kufika pa Jenda, maola atatu. Ndinagwada kwa azakhali a mwamuna wanga, n'kuwapempha akapereke pepalalo kwa akuluakuluwo.

Bambo aang'ono aja anandiitanitsa. Pepala langa analigwira ndi zala ziwiri ngati lanyowa.

"Mkamwana, ku Kepi n'kutali chomene. Ine ndayendako, inu simunayendeko."

"Zoona, adada. Ndikungopempha mpaka folo koloko ya mawa."

"Mbwenu folo. Ikapitirira, musatiimbe mlandu."

Kunena zoona, ndege sindinakwerepo. Maola onsewo ndinangowaona pafoni. Lachitatu m'mawa foniyo ndinaimangirira pachitenje. Nthawi itangopitirira thwelofu inanjenjemera: mwamuna wanga watera ku Lilongwe. Kenako Mponela. Kenako Kasungu. Adzukulu anali atamaliza kalekale kukumba, atakhala pamthunzi n'kumandiyang'ana cham'mbali. Kwaya inaimba nyimbo zonse zimene inkadziwa, n'kuyambiranso. Abusa, Mulungu awadalitse, anatalikitsa ulaliki popanda wowapempha.

Patatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane, tinaona fumbi kunjira ya ku Jenda. Mwamuna wanga anatsika galimoto isanaime bwinobwino, akadali ndi kapepala ka ndege pachikwama. Anthu anapatuka okha. Anagwada pambali pa bokosi, azakhali anavundukula nsalu, ndipo anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi pawo. Palibe amene anamufulumizitsa.

Amayi a pasiwa anayambanso kulira, ine ndinaphimba nkhope ndi chitenje. Azakhali anandisisita pamsana, akuti ndilimbe mtima. Misozi inalipo ndithu, pakuti apongozi anga ankandikonda. Koma chitenjecho ndinachiluma ndi mano kuti nthungululu isatuluke pamaliro.