Batani Lokana Limene Ndinalidula

Mng'ono wanga ndinamuphunzitsa kusoka ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamamutama masiku ano amaiwala. Anafika kwanga ku Nabvutika asakudziwa n'kulowetsa ulusi m'singano komwe, anandithyolera masingano ambirimbiri, kenako anakwatiwa ku Madzimoyo n'kugula makina akeake. Posakhalitsa zikwama zake za chitenje zinayamba kukwera ndege, zanga zili lende pa msomali pakhonde, kudya fumbi.

Anali atatsegula sitolo ya pa intaneti, ndipo kumeneko n'kumene anapezana ndi mayi wina wa ku Ulaya wogula zikwama zambiri nthawi imodzi. Sindibisa, zinandiwawa. Tsiku lililonse ndikamaliza kusesa ndinkatsegula tsamba lakelo pa foni, n'kumakulitsa zithunzi kufunafuna msoko wokhota. Sindinaupeze, ndipo chimenecho chinkandiwawa kwambiri.

Ukangolowa pa tsambalo, pankatuluka kabokosi kofunsa za makuki. Makuki ndi tizizindikiro timene tsamba limasiya m'foni mwako kuti likukumbukire, liwerenge kuti wabwera kangati, ndiponso lizikutsatira ndi zotsatsa malonda kulikonse kumene wapita. Panali mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Ine ndinkadina lokana mwachangu, kuopa kuti angadziwe zoti mkulu wake amabwera kudzasuzumira.

Tsiku lina anandiimbira foni kuti mayi wa ku Ulaya uja akufuna telala wachiwiri, poti iye yekha ntchito yamuchulukira. Anati ndikhale ndi tsamba langa looneka bwino, iye alitumiza kwa mayiyo. Ndinathokoza ndi pakamwa, mumtima muli moto. Ine, mphunzitsi wake, kulowa pakhomo lotsegulidwa ndi iye! Komabe mwayiwo ndinkaufuna koopsa, chifukwa kusoka mayunifomu ndi kuchepetsa mathalauza ovalidwa kale a pa salaula kunali kutanditopetsa.

Tsambalo anandikonzera bambo wina wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene amakonza makompyuta m'tauni. Nayenso anaikapo kabokosi ka mabatani awiri kaja. Nditamufunsa kuti munthu akakana chimachitika n'chiyani, anati basi, simumuona, simumuwerenga, simumutsatira. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti kwathu kuno mlendo sitimufunsa ngati amwa tiyi, timangothira m'kapu. Kufunsa n'kumana, ndipo ukafunsa, munthu waulemu aliyense amati wakhuta. Ndiye ine ndizifunsa kasitomala ngati akufuna ndimukumbukire? Onse akana mwaulemu, nditsale ndekha.

Bamboyo anaseka, nati tiyi ndi wanu, koma foni ndi ya kasitomalayo. Anandiuzanso kuti kumaiko a ku Ulaya lamulo limafuna kuti wokana asiyidwedi, ndipo ogula akuluakulu amayesa kaye asanagwirizane nawe. Ndinamupempha kuti batanilo lizioneka koma lisamagwire ntchito. Anakanitsitsa. Koma pondiphunzitsa kuika zithunzi anali atandionetsa pamene pamakhala zosinthasintha, choncho atangotuluka ndinalowamo ndekha n'kuzimitsa chimene chinkaletsa makuki kwa okana. Batani linatsala pamalo pake, lokongola, ngati mpopi wopanda madzi.

Nkhani ya tiyi ija inali chophimbira chabe. Chimene ndinkafuna chinali kuona alendo anga akuchuluka kuposa a mng'ono wanga. Ndipo anayambadi kuoneka. Panali mmodzi wa kuno konkuno amene ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, n'kumayang'ana chikwama chimodzimodzi chofiira cha zipi ziwiri. Ndinati uyu wakodwa, ndipo ndinamulondolera zotsatsa za chikwamacho kuti asapume.

Loweruka lina masana mng'ono wanga anatulukira ndi thumba la nshawa, mtedza wa kumunda kwawo. Tinakhala pakhonde n'kumaswa, tikucheza za mvula ndi za mwendo wa amayi. Kenako anapukuta manja, natulutsa foni n'kundionetsa. Chikwama changa chofiira chinali pamenepo, pakati pa nkhani za mpingo zimene ankawerenga. Anatsegula pena, chomwecho.

"Asisi, ine ndinadina lokana. Tsiku lililonse ndimadina lokana. Nanga chikwama chanuchi chikunditsatira bwanji mpaka kumunda?"

Mlendo wanga wokhulupirika uja anali iyeyo. Anafotokoza kuti ankaliyesa tsambalo asanalitumize, chifukwa mayi uja amayamba ndi batani limenelo asanayang'ane n'komwe msoko. Ankabwerera pa chikwama chofiiracho chifukwa n'chimene ankafuna mayiyo ayambe kuona, ati mmene ndinasokera zipi ngakhale iyeyo mng'ono wanga sangathe. Atazindikira vutolo ankaganiza kuti bambo wa makompyuta walakwitsa, ndipo anadikira sabata ziwiri kuti mwina zikonzeka. Koma mayiyo anatopa n'kudikira, anapempha adiresi ya tsamba langa, anayesa yekha, n'kuyankha mwachidule kuti wogulitsa amene samva munthu akakana sangagwire naye ntchito. Anatenga telala wina wa ku Kasenengwa.

Ndikanatha kumunamizira bambo wa kwaya uja, ndipo mawuwo anafika pakamwa. Koma ndinangoti ndinazimitsa ndine. Sanakalipe. Anangotola nshawa ina n'kuiswa, ndipo kufatsa kwakeko kunandikwiyitsa kuposa kutukwana. Ndinafuna nanenso ndimubaye penapake, ndiye ndinamufunsa ngati akudziwa kuti ine pa tsamba lake ndakhala ndikulowapo m'mawa uliwonse, miyezi yonseyi.

Anandiyang'ana modabwa, nkhope yake n'kuwala ngati ndamupatsa mphatso.

"Zoona, asisi? Ine ndimayesa simunalionepo n'kamodzi komwe. Munkadina liti?"

"Lokana."

"Ndiye sindikanadziwa," anatero. "Okana sindiwaona."

Anapitiriza kuswa nshawa, akuponya makoko m'lichero. Ine ndinaponya maso pa msomali pamene chikwama chofiira chinali lende. Miyezi yonse ija ndinkadzuka naye, kusesa naye, kupikisana naye, iye ali phee ku Madzimoyo akudandaula kuti mkulu wake alibe naye ntchito.