Nawa Mankhwala Anu

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julaye, chaka chachitatu cha matipate. Ndinali m'kalasi ndikuphunzitsa samu Sitandade 5, ana atabisa manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Ahedi anagogoda pachitseko chomwe chinali chotsekula kale, osandiyang'ana kumaso.

"Madamu, kwabwera alendo anu kuofesi."

Alendowo anali apolisi awiri. Mmodzi anandifunsa dzina, chonsecho mwana wake anali m'kalasi langa lomwelo. Kenaka anati, "Tikupita ku Boma. Chokocho musiye." Nditayang'ana m'manja mwanga ndinapeza kuti ndinali nachodi.

Ndifotokoze kaye za mtsinje, poti ndi umene unandifikitsa kumeneko. Mudzi wathu uli kumunsi kwa tauni, ndipo kamtsinje kathu kamadutsa kuseri kwa tauniyo kasanatipeze. Munthu wina wachuma, wodziwana ndi akuluakulu, anamanga malo ofufutira zikopa m'mbali mwa mtsinjewo, pamodzi ndi nyumba yogona alendo. Madzi otsukira zikopa ndi zonse za m'zimbudzi za alendo ake zinkatulukira paipi imodzi n'kugwera mumtsinje. M'dzinja zinkakokoloka osaoneka. Madzi atachepa, mtsinje unayamba kuchita thovu ndi kununkha ngati dzira loola. Achule ankayandama chagada, amayi ankabwerako kochapa manja akuyabwa, ndipo ana anayamba kutsekula m'mimba.

Ndinayenda khomo ndi khomo, ndinaima m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, ndinalalata mpaka mawu kusasa. Amayi anavomera kusiya mtsinje n'kumakatunga kumjigo wa kuchigayo, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Ankanyinyirika, koma ankapita. Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi: anthu asamwe madzi amenewo mpaka khoti litatseketsa paipi ija.

Ndinali nditamva pawailesi kuti kwabwera lamulo latsopano lopatsa munthu aliyense mphamvu yokasuma wina akamaononga madzi kapena malo. Kalaliki wa kukhoti anandilangiza bwino kwambiri.

"Muyambe mwawalembera kalata eni akewo, muikepo umboni, kope musunge. Akakana kusintha, mupeze loya akakutengereni chiletso kukhoti lalikulu."

Malangizowo analibe vuto. Vuto linali mtima wanga wapachala. Ndinatunga madzi m'botolo pansi penipeni pa paipi, ndi kukalisiya kwa mlonda wa pageti pamodzi ndi kalata. Masamba awiri ndinalemba mwaulemu, monga mphunzitsi. Koma pomaliza magazi anandiwira, ndipo ndinaonjezera kuti, "Nawa mankhwala anu. Amweni kuti mumve zimene akumva ana athu."

Ku polisi ndinapeza botolo lija lili patebulo, atalimata kapepala. Wofunsa mafunso anali bambo wonenepa, wolankhula mofatsa ngati wansembe. Anawerenga mzere womaliza wa kalata yanga kawiri.

"Munalemba ndinu?"

"Ndine."

"Mankhwala ake ati? Achikuda kapena a kusitolo?"

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, poyesa kuti akucheza. Ndinati ndikunena mankhwala awo omwe, ofufutira zikopa. Iye anati wodandaula, mwini malo ofufutira zikopa aja, wanena kuti ndamutumizira mankhwala oti afe, ndipo umboni wake ndi dzanja langa lomwe. Mawu amodzi omwewa timatchulira panado, a makoswe, a sing'anga ndi a kufakitale. Ine mphunzitsi wa zaka makumi awiri sindinaganizeko zimenezo.

"Ndi madzi a mumtsinje amenewo, bwana."

"Madzi chabe?"

"Madzi amene anthu amamwa."

Anatsekula botolo nalikankhira kwa ine. "Ndiye imwani, madamu. Mukamwa mubwerera kusukulu lero lomwe."

Mutu unandiima. Ndikamwa, ndiye kuti ndavomereza kuti madziwo ndi abwino, ndipo mawa mudzi wonse umva kuti aphunzitsi amwa osafa. Ndikakana, ndiye kuti ndavomera kuti ndi poizoni. Fungo lake linali litadzaza kale chipinda, mwakuti wapolisi wolemba anasendeza mpando wake kuwindo.

"Sindimwa," ndinatero.

Anandifunsa kachiwiri, ndi kachitatu. Ulendo wachinayi sanafunse ndi pakamwa. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuchokera tsiku limenelo. Atatha anapukuta dzanja pabuluku nauza mnzakeyo kuti, "Lemba kuti wakana kumwa."

Lamulo limati munthu aonekere kukhoti pasanathe maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Nditawakumbutsa, wapolisi wa pakauntala anati, "Matipate akupengetsani inu." Ndinagona m'chitokosi mpaka Lolemba la sabata yotsatira. Belo anandikaniza ati botolo lapita kokayezedwa ku Lilongwe, ndipo ananditumiza ku rimandi.

Za kumeneko sindinena zambiri. Amene anakhalako ku Dedza mwezi wa Julaye amadziwa mmene simenti imakhalira. Bulangeti linali limodzi anthu awiri, ndowa yodzithandiziramo inali pakona. Tsiku loyamba msilikali wamkazi wa ndende anandiloza pamaso pa onse.

"Uyu ndiye wa mankhwala uja. Asayandikire mphika, asakhudze mgolo wa madzi."

Masabata asanu ndinkadikira kuti wina anditungire madzi akumwa. Mayi amene ndinkafunda naye bulangeti, womangidwa chifukwa chophika kachasu, ankapemphera kaye asanagone pafupi nane. Zimenezo zinkandiwawa kuposa khutu.

Mng'ono wanga ankabwera Loweruka lililonse ndi mbatata yophika. Funso langa linali limodzi nthawi zonse.

"Anthu akutungabe kumjigo?"

"Akutunga, achemwali. Idyani isanazizire."

Loya anandipezera ndi anthu a kutchalitchi. Anali mtsikana wochepa thupi, wa mawu otsika, moti nditamuona ndinati basi ndathera momwemuno. Pa tsiku la mlandu woimira boma anaimirira monyadira ndi pepala la zotsatira. Anawerenga kuti m'botolomo munapezeka mankhwala oopsa ku moyo wa munthu, komanso tizilombo topezeka m'chimbudzi cha munthu. Anandiyang'ana ngati wandipezerera. M'khoti anthu anati "Haa!"

Loya uja sanatsutse kanthu. Anangopempha kuti wazaumoyo akatunge madzi ena pansi pa paipi ya wodandaula, apolisi akuona, akayezedwe komwe kuja. Majisitireti analola. Ndinabwerera kundende kukadikira masabata ena awiri.

Zotsatira zachiwiri zinafanana ndi zoyamba. Majisitireti anavula magalasi nati, "Boma latsimikiza kuti m'botolomu muli poizoni. Latsimikizanso kuti poizoniyo akutuluka m'paipi ya wodandaula. Mayi, mlandu mulibe, pitani kwanu. Koma makalata muzilemba modziletsa."

Ndinaiwala kuti ndili m'khoti. "Nanga paipiyo, bwana?"

"Imeneyo si nkhani imene ili pamaso panga."

Linali Lachisanu, kumayambiriro kwa Sepitembala. Tinatsika minibasi pamsewu waukulu ine ndi mng'ono wanga, tinayamba kutsetsereka kulowera kumudzi. Iye ankangotsalira m'mbuyo, ati nsapato ikumuluma. Titafika pokhota pomwe mtsinje umaonekera, ndinaima. Amayi asanu ndi mmodzi anali atawerama pamadzi, akukankha thovu ndi chikho, akudzaza ndowa.

"Mayo ine! Mukutani anthu inu? Tayani! Tayani madziwo!"

Anadzidzimuka. Ena anagwira ndowa zawo ngati ndabwera kudzawalanda. Mmodzi wachikulire anandiyankha ali chiweramire.

"Ife tinamva kuti wothira mankhwala mumtsinje wagwidwa, aphunzitsi. Ndiye tinati basi madzi akhala bwino."

Ndinatembenukira mng'ono wanga. Anali akulira kale. Anati nkhani inafika kumudzi madzulo a tsiku lomwe anandimanga: aphunzitsi agwidwa ndi botolo la mankhwala, ndiwo amathira mumtsinje kuti aipitse dzina la eni fakitale, ndipo ku polisi akana kumwa. Pofika Lachinayi kumjigo kunalibe ndi mmodzi yemwe. Iye anayesa kuwaletsa, koma ndani akanamvera m'bale wa mfiti?

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanatani muli mkati, achemwali?"

Kenaka anandiuza zinazo. Mayi woyandikana nane nyumba anali ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri, kamene kankakonda kukhala pakhonde panga ndikamachonga makope. Kanatsekula m'mimba masiku atatu. Anakaika m'manda sabata yomwe ine ndinkadikira zotsatira zachiwiri.

Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, ndi zovala zanga za kukhoti. Ndinali mfulu, ndipo sindinadziwe chochita nawo ufuluwo.

Mapepala awiri a zotsatira aja ndi amene loya anapita nawo kukhoti lalikulu. Boma linali litatigwirira ntchito imene ife sitikanaikwanitsa. Panadutsa chaka ndi miyezi chisanatuluke chiletso. Paipi inatsekedwa, eni ake analamulidwa kukumba maenje osungiramo zonyansazo, ndipo dzinja lachiwiri achule anayambanso kulira. Anthu amati tinapambana. Amene anandimenya anapuma ntchito mwaulemu, ndimakumana naye kumsika. Ufulu umene tinauvotera uja ndinauona ndithu, poti kale ndikanangosowa osaonekeranso pamaso pa majisitireti aliyense. Koma umayenda pang'onopang'ono, ndipo mphekesera inafika kumudzi tsiku limodzi.

Kuti mlanduwo uyambe pankafunika maina a odandaula. Ndinayendanso khomo ndi khomo ndi pepala ndi inki yodindira chala. Khomo la mayi woferedwa uja ndinalidumpha kawiri. Ulendo wachitatu anandiitana yekha. Anapukuta chala pachitenje, anadinda, nandibwezera pepala. Ndikunyamuka anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira. Bwanji simunangolemba kuti madzi?"

Wolakwa ndimamudziwa, ndipo khoti linamutchula. Koma mayi ameneyu sankafunsa khoti, ankafunsa ine. Timakhalabe moyandikana mpaka lero, timabwerekana moto ndi mchere, ndipo sindinamuyankhebe.