Che Swadick ndi Ngalande Yokwiririka

Che Swadick ndinawadziwa tonse tili anyamata, iwo akuphunzira kumanga nyumba, ine ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye pano pa boma la Mangochi. Sitoloyo inali ya njerwa zootcha zomata ndi laimu, khonde lake la mizati isanu ndi umodzi, ndipo kamphepo ka ku Shire kankadutsapo ngakhale m'chilimwe. Atakula, anthu anangowatcha Fundi, kutanthauza mmisiri. Anali munthu wosakhazikika chibadwire. Ngakhale pa sadaka ankadzuka pamphasa n'kukagogoda khoma la eni nyumba kuti amve ngati lafuka m'kati.

Chaka chatha sitoloyo inagwetsedwa. Malowo anagula Mayi Victoria, amene amatumiza nsomba ku Limbe, ndipo ankafuna kumangapo nyumba yogona alendo yosanjikiza. Ine ndinalira mizati ija. Fundi sanailire, nkhawa yawo inali pansi pa nthaka.

Kunsi kwa khondelo kunkadutsa ngalande yakale ya njerwa, yovundikira pamwamba, imene amisiri amakedzana anaikwirira kuti izitenga madzi a mvula a mumsewu n'kukawataya kumtsinje. Fundi analowamo chokwawa ali mnyamata pokachotsa mchenga. Ena onse oidziwa anatisiya kalekale. Tsono kumunsi kwa malowo kuli nyumba ya zidina ya mwana wawo Keti, mayi wamasiye wa ana anayi. Maziko atsopano akanatseka ngalandeyo, madzi onse akanalunjika pakhomo pakepo. Umenewo unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kale kuunjikana ku mapiri a Namwera.

Kapitawo wa ntchitoyo anali Abudu, bambo wa imvi zake, amene Fundi anamuphunzitsa kuyala njerwa. Lolemba m'mawa Fundi anamupeza akukumbitsa maziko.

“Abudu, usathire konkire apa. Pansipa pali ngalande.”

“Fundi, pulani ndi iyi,” anatero Abudu akutambasula pepala. “Ngalande yanuyo ili pati?”

“Pepala lakolo labadwa dzulo.”

“Konkire tithira Lachisanu. Tionetseni ngalandeyo, tiipatsa ulemu wake.”

Fundi anabwera kwathu ali wefuwefu, osalonjera n'komwe. Ankakumbukira kuti ngalandeyo inkadutsa mapazi khumi ndi awiri kuchokera pa mzati wachitatu, pamene ine ndinkaika makina anga. Anandikokera kumalo kuja.

“Imani pamene munkakhala paja, achimwene.”

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mizati kulibe, mtengo wa mango wa kuseri adadula, nyumba ya makhonde yoyang'anizana nayo inasanduka mashopu a mafoni. Ndinawerengera kuchokera m'mphepete mwa msewu, ndinaima, ndinati ndi pano. Tonse awiri tinaiwala kuti msewuwo anaukuza kawiri chichokereni ine pakhondepo.

Fundi anakumba okha dzenje lofika m'chiuno. Munali mchenga wokhawokha. Lachiwiri anakumba lina, Lachitatu linanso. Aganyu ankaseka.

“Madala akufuna golide wa azungu!”

“Mukam'peza mutigawireko, Fundi!”

Fundi ankazungulira malowo ndi chitsulo chakuthwa, kubaya pansi, kutchera khutu, kubayanso. Chakudya ankadya choimirira. Keti anawadandaulira kuti apume, akadwala. Iwo anangomuuza kuti akweze matumba a chimanga pa thandala.

Lachinayi atatuluka mumzikiti m'mawa anatenga chikwanje n'kutsetserekera kumtsinje. Anati ngati mutu wa ngalande wasowa, mchira wake ulipo. Analowa m'bango momwe ngakhale asodzi amalowa mosamala poopa ng'ona. Dzuwa lili paliwombo anapeza kukamwa kwake, njerwa zakuda ndi ndere, theka lodzaza matope ndi majumbo. Iwo ndi Keti anafukula ndi manja. Kenako anaunjikamo masamba aawisi ndi masaka akutha, anayatsa moto, Keti n'kumakupiza ndi chidutswa cha lata kuti utsi ulowe m'kati. Umo ndi mmene amisiri akale ankayesera ngalande ngati yaboola.

Ine anandituma kukadikira pamaziko. Tsikulo Mayi Victoria anabwera kudzaona simenti yawo. Ndinaima ngati chitsiru, maso pansi, nthawi n'kumapita. Abudu anandifunsa ngati nanenso ndataya singano.

Waganyu wa wilibala ndiye anayamba kuona. Utsi wotuwa unkatuluka pang'onopang'ono m'dzenje la maziko, kumbali ya kumpoto, kutali ndi maenje atatu aja.

“Abudu, pansi pa nyumba yanga pakupsa chiyani?” anafunsa Mayi Victoria.

Abudu analumphiramo, anapalasa ndi fosholo. Panaoneka msana wa njerwa zofiira, zoyalidwa mokhota, zogwirana ngati zamangidwa chaka chino. Anazisisita ndi chikhatho.

Fundi anafika matope mpaka m'mawondo, maso ali psuu ndi utsi. Mayi Victoria anawagwadira pang'ono powapatsa moni.

“Bambo, tikatseka pamenepa madzi apita kuti?”

“Ena kwa mwana wanga, Mayi. Otsala m'zipinda za alendo anu.”

Mayiwo anayang'ana kumwamba, anayang'ana Abudu. Konkire sinathiridwe Lachisanu lija. Anaitanitsa wojambula pulani, ndipo patatha sabata ziwiri anaika mtanda wa konkire wodumpha pamwamba pa ngalandeyo osaikhudza. Fundi ankafika tsiku lililonse kudzakangana ndi Abudu za kutalika kwa mtandawo, mpaka Abudu anawapempha kuti azikhalako pansi.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa pakati pa Disembala. Fundi ndinawapeza kumtsinje, opanda ambulera, akuyang'ana madzi ofiira akukhuthukira m'bango ndi mkokomo. Kwa Keti kunangonyowa pabwalo.

Ndinawauza kuti tsopano akagone tulo tabwino. Anapukusa mutu. Anali atamva kuti malo a kumtunda, pamene panali nyumba ya telala mnzanga, agulidwanso, ndipo ngalande yomweyo imadutsa pamenepo. Anandisiya ndili chiimire, iwo akukwera mtunda kukafunsa dzina la wogulayo.