Anthu Asanu pa Khoma la Amayi

Ndikukumbukira khoma la kummawa la nyumba yathu, kumtunda kwa Ligowe, kuposa mmene ndimakumbukirira chimene ndadya dzulo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anthu anayamba kutha pakhomalo. Wandikumbutsa ndi mdzukulu wanga amene akuphunzira zojambulajambula m'tauni. Anabwera mwezi wathawu n'kumandiuza akuseka kuti kumaiko akunja kuli akatswiri ena amene amatenga chithunzi chojambulidwa bwinobwino, kuchifufuta, kenako n'kupachika pepala lofufutidwalo kuti anthu azidzaona. Ankayembekeza kuti ndiseka naye. Ine sindinaseke, ndinangomuuza kuti akoke mpando akhale pansi.

Amayi anga sanapondeko m'kalasi, ngakhale dzina lawo sankatha kulilemba. Koma manja anali nawo. Akazi onse a m'mudzi ankazira nyumba zawo akatha kukolola, ena n'kudutsitsa mzere wa dothi lofiira m'munsi mwa khoma, basi. Amayi ankapitirira pamenepo. Ankakakumba dothi loyera kudambo, kulisungunula m'phale, n'kumajambula ndi nthenga ya nkhuku, ndipo pofunika zakuda ankasinja makala. Chaka cha 1948 anatijambula tonse a m'nyumbamo pakhoma la pakhonde. Abambo anali kumanzere, atavala chipewa chawo cha mlaza. Kenako amayi atasenza mtsuko, kumbuyo kwawo kuli kamutu ka Maliya, khanda lathu. Kenako ine, Elube, ndi miyendo yaitali imene sindinkaikonda. Kumapeto kunali mlongo wanga Samisoni, wa zaka zisanu, ndi makutu ake otambalala ndiponso phazi lake lakumanja lolowa m'kati. Aliyense wodutsa ankaima n'kutitchula mayina mmodzimmodzi, osalakwitsa.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa pang'ono n'kudula. Chimanga chinauma chisanamasule, ndipo pofika pakati pa 1949 nkhokwe zinali zitayera. Tinadya madeya, madeya atatha tinadya mitsitsi ya nthochi yosinja, kenako mpama wakuthengo umene amayi ankauphika n'kutaya madzi katatu kuti usatiphe. Amuna anayamba kuchoka. Abambo anachoka mwezi wa Seputembala, dengu lili paphewa, akuti akupita kukasuma kwa Apwitikizi, kuseri kwa mapiri, kukagwira ganyu wolipidwa chakudya. Anati akhalako masabata awiri. Anandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndiziwathandiza amayi. Ine ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa abambo anga ndinkawakonda kwambiri, mwina kuposa amayi, ndipo sindichita manyazi kunena.

Maliya anamwalira Khirisimasi itayandikira. Mawere a amayi anali atauma. Anthu a mpingo anabwera ochepa, anaimba nyimbo imodzi yokha chifukwa mphamvu yoimbira yachiwiri panalibe. Patapita masiku atatu ndinawapeza amayi atagwada pakhonde mmawa, phale la madzi lili pambali. Ankaviika chala chimodzi m'madzi n'kumachotsa kamutu ka Maliya pakhoma, pang'onopang'ono, osakhudza msana wa chithunzi chawo. Atatha anatenga nkhulungo, mwala wosalala uja amasalazira miphika, n'kuyamba kupekesa pamalopo. Anapekesa mpaka dzuwa linafika pamutu. Pamene panali Maliya panatsala kamalo kakuda, kosalala, kozungulira, konyezimira dzuwa likawombapo. Ndinangoona kuti chithunzi cha amayi chayamba kuoneka ngati chawerama, chikhalirecho sanachisinthe.

Samisoni anapirira mpaka Febuluwale. Miyendo inatupa, tsitsi linafiira, ndipo anasiya kulira, chimene chinkandiopsa kuposa kulirako. Chimanga chatsopano chinali chitayamba kale kubereka kumunda pamene tinamuika m'manda. Patapita masiku atatu amayi anagwadanso pakhonde ndi phale ndi mwala wawo uja.

Apo ndiye mtima wanga unawira. Ndinkaona ngati amayi akutisesa mmodzimmodzi kuti atiiwale msanga. Ndipo mantha anga aakulu anali pa abambo. Miyezi isanu inali itadutsa, anthu ankanong'onezana kuchitsime kuti kuseri kwa mapiri apezako mkazi wa nkhokwe yodzaza. Ndinkadziwa kuti tsiku limene amayi adzawafufute pakhomapo, ndiye kuti basi, sadzabweranso m'nyumba mwathu. Mmawa uliwonse ndisanasukusule ndinkayamba ndakaona ngati chipewa chija chilipo.

Tsiku lina amayi atapita kumunda ndinatola khala paziko n'kumujambulanso Samisoni pamalo osalala aja. Ndinamupatsa mutu, manja, miyendo, ndi pakamwa poseka. Ndinkaganiza kuti ndikamubwezera, amayi aona kuti kufufuta anthu n'kulakwa, ndipo abambo awasiya.

Atabwera anatula khasu n'kuima nthawi yaitali. Ndinakonzeka kukwapulidwa, ndinali nditasankha kale kothawira. Koma anangoti, “Elube, katunge madzi m'phale. Ubweretsenso nkhulungo.”

Nditabweretsa anandigwaditsa pamene ankagwada iwo. “Uyu wajambulayu ndani?”

“Ndi Samisoni.”

“Samisoni ali kumanda. Uyu akusekayu sindikumudziwa. Khoma langa lisaname, wamva? Mufufute.”

Ndinaviika chikhatho chonse m'madzi kuti ndipukute kamodzi zithe. Anandigwira padzanja mwamphamvu mpaka ndinamva mafupa.

“Si mbale imeneyo. Chala chimodzi. Yambira kumutu. Khutu lake linkathera pati?”

Ndinaloza. Anati ayi, linkatambalala kuposa pamenepo, ndiyang'ane bwino m'mphepete mwa malo osalalawo. Ndinayang'ana, ndipo khutu linalipodi, lopanda utoto, koma lilipo. Tinatsika chomwecho, khosi, phewa, mkono umene anathyoka atagwa mumtengo wa masuku, mimba, mpaka phazi lolowa m'kati lija. Paliponse ankandifunsa, ndikalakwitsa ankandibweza. Makala anga atachoka anandipatsa mwala. Ndinapekesa maondo akuwawa, maso akuchita mdima, ndikulira mamina ali chuchuchu, iwo ali chikhalire pambali panga osandipepesa. Dzuwa litapendeka anati ndileke. Mlongo wanga anali pakhomapo yense wathunthu, wakuda, wosalala, wopanda maso ndi pakamwa, ndipo aliyense akanamuzindikira. Ndinadana nawo amayi tsiku limenelo, ndipo ndinawauza. Anangoti, “Chabwino,” n'kupita kukasonkha moto.

Tinakolola, njala inatha, amene tinatsala tinayamba kubwerera m'thupi. Akazi anaziranso nyumba zawo. Amayi anazira makoma atatu, la pakhonde analisiya. Anzawo a kumpingo anawalankhula kuti zimenezi zikuopsa ana ndipo n'zosayenera munthu wopemphera, iwo anangowayalira mphasa n'kuwapatsa madzi akumwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti abambo sanawafufute. M'malo mwake anakakumba dothi loyera n'kuwawalitsanso, chipewa chomwe, mpaka ankaoneka kuchokera kunjira. Chithunzi chawo ndi changa anazisiya zikuzilala. Ine kupusa kwanga ndinasangalala. Ndinati amayi akuwadikira, amawakondabe.

Abambo anabwera mu Ogasiti 1951, masana, ife tikupeta mapira pabwalo. Anali atanenepa. Anavala nsapato, ndipo chipewa cha mlaza chinali chitalowedwa m'malo ndi cha nsalu. Ndinataya lichero n'kuwathamangira, ndinawakumbatira m'chiuno, ankanunkhira sopo. Anakhala pampando n'kumasula kamtolo. Munali nsalu ya amayi, diresi langa la maluwa achikasu, kabudula wamng'ono, ndi kamkanda ka khanda.

“Amake Elube,” anatero osawayang'ana kumaso, “kodi anawa ali kuti?”

Mpaka lero sindidziwa ngati sankadziwadi, kapena anagula kabudulayo kuti aoneke ngati sankadziwa. Amayi anapukuta manja pachitenje. Sanakweze mawu.

“Bwerani muone.”

Anawatsogolera pakhonde. Dzuwa linali litachoka kale pakhomalo, koma malo awiri aja ankaonekabe kuda kwawo, ena kumbuyo kwa amayi, ena kumapeto. Abambo anayang'ana chithunzi chawo choyera mbee, kenako maso awo anayenda pang'onopang'ono kupita kumanja. Atafika pa phazi lolowa m'kati lija anavula chipewa. Anayamba kunena za matenda amene anawagwira kumeneko, za njira imene inatsekedwa ndi madzi, za munthu amene anamutuma ndi ufa koma sanafike. Amayi anawasiya alankhule mpaka mawu anawathera okha. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi phale la madzi. Nkhulungo sanatenge.

“Awiriwa ndinawachotsa ndine, chifukwa ndinalipo pochoka pawo,” anatero. “Awa a chipewawa sindinawaone mmene anachokera. Achotseni nokha.”

Ndinagwada n'kugwira miyendo ya amayi. Ndinati chonde amayi, abwera, si awa abwera, asiyeni. Ndinatembenukira kwa abambo n'kuwapempha kuti akane, angokana basi, anene kuti sachoka. Ndikhulupirira kuti akanakana, akanataya madziwo pansi n'kukhala pakhondepo ngakhale sabata yathunthu akutukwanidwa, mwina zinthu zikanayenda mwina. Amayi anaima phale lili m'manja, akudikira, ndipo anadikira nthawi yaitali ndithu.

Abambo analandira phalelo. Anaviika chikhatho chonse, monga ndinachitira ine tsiku lija, ndipo palibe anawagwira dzanja. Anapukuta katatu, kuchokera kuchipewa mpaka kumapazi. Dothi loyera linasakanikirana ndi makala n'kuyenderera pansi. Panatsala chimphanthi chotuwa, chopanda mutu, chopanda mapewa, chonga pamene mbuzi yadzikhula. Anaika phale pansi, anapukuta dzanja pathalauza, anavala chipewa. Anandiyang'ana kamodzi. Anatsika njira ya ku Lisungwi, kamtolo atakasiya pampando.

Mmawa mwake amayi anatumiza kamtoloko kwa ankhoswe, diresi langa lomwe, ndipo ukwati unathera pamenepo. Diresilo ndinalilira masiku ambiri, ndisaname. Chimphanthi chija amayi sanachisalaze, sanachizire, sanachikhudze n'komwe mpaka nyumbayo inagwa ndi mvula ine nditakwatiwa kale. Abambo sindinawaonenso. Tinamva patapita zaka kuti anamwalira kuseri kwa mapiri komweko.

Amayi ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali. Ndinkati anali ouma mtima, anandilanda bambo pa nkhani ya dothi. Ngakhale lero sindinganene kuti anachita bwino pa zonse, chifukwa ine ndinali mwana ndipo ndinkafuna bambo, wabodza yemweyo. Koma ndinadzakhala mphunzitsi, ndafufuta bolodi zaka zambirimbiri, ndaikanso ana anga awiri m'manda, ndipo ndinafika pomvetsa chimene ankachita atagwada paja. Kujambula Samisoni kunawatengera nthawi yochepa, akucheza ndi anzawo. Kumufufuta kunawatengera tsiku lathunthu, ndipo pa ntchito zonse za manja awo, imeneyo ndi imene anaigwira mosamala koposa. Munthu sungachotse khutu la mwana ndi chala chimodzi usakudziwa pamene linkathera. Amayi anawalitsa chithunzi cha abambo kuti akadzabwera adzadzione ali oyera pakati pa ana akufa, ndipo anawamana mwala uja mwadala.

Izi ndi zimene ndinamuuza mdzukulu wanga. Anandipatsa pepala ndi pensulo n'kundipempha kuti ndimujambulire anthu asanu aja mmene analili. Samisoni anatuluka, makutu ake ndi phazi lake, ndipo kamutu ka Maliya ndinakaika pamalo pake. Nditafika kumanzere ndinajambula chipewa, pensulo n'kuima. Ndinayesa kukumbukira mphuno yawo, maso awo, kutalika kwawo, munthu amene ndinkamukonda kuposa onse. Mnyamatayo anandifunsa kuti, “Agogo, mwatopa?” Ndinati ayi, sindinatope. Nkhope ya abambo anga sindikuidziwa.