Mtedza wa Mpwitikizi

Chitini chija ndimachikumbukirabe: chofiira, chopindika pachivundikiro, chimene kale munkakhala mabisiketi. Malume anabwera nacho kwathu ku Ndirande mvula yoyamba itangogwa, chaka chimene mng'ono wanga anayamba kutupa mapazi.

Mwanayo anali atangomuletsa kuyamwa, pakuti amayi anali ndi pakati pena. Ine ndi amene ndinkamubereka, ndipo msana wanga ndiwo unayamba kudziwa kuti zinthu sizili bwino: analeka kupalasa miyendo, analeka kundikoka makutu. Tsitsi lake linafiira ngati ndevu za chimanga, ndipo ukadina chala paphazi pake, kadzenje kankatsala pomwepo. Azimayi a pampopi ankanong'onezana kuti ndi tsempho, namayang'ana bambo cham'mbali akamadutsa.

Malume ankaphika kwa Mpwitikizi wina m'tauni. M'chitinimo munali mtedza wachilendo, wa makoko osalala, wonyezimira ngati nsapato yopolishidwa. Anati dzina lake ndi kasitanya, ndipo unachokera kutsidya kwa nyanja.

"Achemwali," anatero kwa amayi, "bwana wanga akuti umu muli mchere wa m'thupi ndi chitsulo chowonjezera magazi. Kwawoko ana amakulira zomwezi."

Amayi anaulandira ndi manja awiri monga amalandirira mkate wa mgonero. Pamenepo ndi pamene panagona vuto: tinauyesa wonga mtedza wathu, umene umasungika mpaka chaka chitembenuke. Amayi anati mankhwala sadya mokhuta. Ankatulutsa umodziumodzi, kuukazinga m'phale, nandipatsa kuti ndisinje. Ndinkayembekezera kuti munsi unyowa ndi mafuta, koma ayi, unkangofumbutuka ngati mbatata yowotcha, fungo lake lotsekemera. Wotsalawo ankautsekera m'chitini, nachibisa kunsi kwa bedi, kumene chinyontho cha dzinja chinkakwera m'dothi.

Lero, nditakalamba ndi kuwerengako pang'ono, ndikudziwa kuti Mpwitikizi uja sananame. Mcherewo ulimodi, chitsulonso chilimo pang'ono. Koma kasitanya ndi mbale wake wa mbatata koposa wa mtedza: ngwamadzi, ngwaufa, mafuta ndi zomanga thupi nzochepa. Mwana wathuyo zomanga thupizo ndizo ankazisowa.

Masabata anapita, kutupa kunakwera m'miyendo, khungu linayamba kusupuka. M'mawa wina amayi atatsegula chitini, munatuluka fungo la nkhungu. Anaswa umodzi, mkati muli bii. Anaswa wina, mwatuluka mphutsi. Anangokhala pansi, manja m'khosi.

"Ndimupatsa chiyani tsopano?"

Tsiku lomwelo anafunafuna khadi lawo la chipani, pakuti popanda ilo achinyamata a pachipata sakanatilola kulowa, ndipo tinanyamuka kupita kusikelo ya ana. Namwino anali wachikulire, wosadziwa kuzungulira polankhula. Anadina phazi lija, nayang'ana amayi.

"Mayi, kunyumba mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimagulitsa mtedza wokazinga pasiteji ya basi."

"Nanga mwanayu mumamupatsako?"

"Iyayi. Akuluakulu amati mwana wotupa mtedza umamutsegula m'mimba."

"Akuluakulu akewo ndi amene akamuike m'manda? Kasinjeni womwewo, muthire m'phala la mgaiwa pamodzi ndi usipa wosinja, m'mawa ndi madzulo. Mudzabwere naye ndidzamuone."

Mng'ono wanga anachira, koma mochedwa. Anayamba kuyendanso chimanga chitacha. Komabe chimene sichichoka m'maso mwanga ndi ulendo wobwerera wa tsiku lija. Amayi ankayenda patsogolo, osacheuka, osayankha moni wa anthu, ndipo ine ndinkathamanga m'matope pambuyo pawo, mwana ali kumsana. Ndinkaganiza kuti akwiyira namwino chifukwa cha pakamwa pake, kapena malume chifukwa cha mtedza wawo wowola, ndipo ndinkakonza mawu owatonthoza.

Ndinali wamng'ono kuti ndidziwe mlandu umene mayi amadziimba yekha, akazindikira kuti m'mawa uliwonse ankasenza pamutu moyo wa mwana wake, kumulambalala ali gone pamphasa, kupita nawo kukagulitsa kwa anthu odikira basi.